Nkhuku zanga za Mikolongwe zachepetsa kuikira: ndizigulitse?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Namitete:

"Zikomo alangizi. Ndili ndi nkhuku zathadzi 14 ndi tambala mmodzi. Mwa nkhukuzi, 8 ndi za Mikolongwe zomwe ndinagula zili anapiye chaka chatha mu November, ndipo 6 ndi zachikuda zomwe zakhalitsa pakhomo pano. Mu July ndinkatola mazira 8 kapena 9 patsiku. Mu September ndinazitsekera m'khola chifukwa zinkawononga ndiwo zamasamba padimba la anzanga oyandikana nawo. Ndimazipatsa gaga wonyowetsa ndi mkute wa nsima, madzi ndimaika m'mawa. Lero tili mu November, ndikutola mazira 3, tsiku lina 2. Ena akutuluka ndi chigoba chofewa, ena opanda chigoba n'komwe, ndipo nkhuku zayamba kuwadya. Amene amandigula mazira akudandaula kuti chikasu chake n'chotuwa. Mlamu wanga akuti mtunduwu ndi wachabechabe, ndigulitse zonse n'kugula nkhuku za haibulidi. Kodi ndichite zimenezo?"

Yankho:

Mayi, musagulitse kaye. Pa zonse mwalembazi sindikuonapo chosonyeza kuti vuto ndi mtundu wa nkhuku zanu. Nkhuku zomwe zinkakupatsani mazira 9 mu July ndi zomwezi muli nazo lero, magazi ake sanasinthe. Chasintha ndi chimene zikudya, malo omwe zikukhala, komanso nyengo. Mikolongwe yanu yangopitirira pang'ono chaka chimodzi, ikadali pa msinkhu wabwino woikira, ndipo zambiri mwa zomwe zalakwikazi zimakonzeka m'masabata ochepa.

Tiyambe ndi zimene mtundu uliwonse ungathe, kuti mudziwe mazira oyenera kuyembekezera. Nkhuku yachikuda yomwe ikungodzitolera chakudya pabwalo imaikira mazira pakati pa 40 ndi 60 pachaka. Imaikira 10 kapena 15, n'kuwakhalira, n'kulera anapiye, kenako n'kuyambiranso. Zimachitika katatu kapena kanayi pachaka. Dzira lake ndi laling'ono, la magalamu 35 mpaka 45. Zilibe kanthu kuti ndi kameta, tsumba, kansilanga kapena chiphulusa, kaikiridwe kake sikasiyana kwambiri, ngakhale kuti kameta amapirira bwino kutentha chifukwa khosi lake lilibe nthenga.

Nkhuku imene timaitchula kuti ya Mikolongwe ndi Black Australorp, mtundu wochokera ku Australia. Boma lakhala likuichulukitsa kwa zaka zoposa 60 pa famu ya Mikolongwe ku Chiradzulu, komanso ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma ku Mzuzu, cholinga chili choti ikwerane ndi nkhuku zachikuda kuti mazira ndi nyama zichuluke m'midzi. Ikamadya bwino imatha kuikira mazira 180 mpaka 200 pachaka, nthawi zina kuposerapo, a magalamu 55 kapena kupitirira. Koma mawu akuti "ikamadya bwino" ndiwo mutu wa nkhani yonse. Mikolongwe yongotayiriridwa, kapena yongodya gaga, imatsika mpaka kungoposa pang'ono yachikuda, ndipo imafooka msanga kuposa yachikudayo popeza thupi lake ndi lalikulu ndipo siyidziwa kusaka chakudya ngati inzake. Palinso Kuroiler yochokera ku India ndi Sasso yochokera ku France, zomwe anthu ambiri ayamba kuweta; nazonso ndi za mazira ndi nyama pamodzi, ndipo zimadya kwambiri. Za haibulidi zofiira zija akunena alamu anu zimafika mazira 280 mpaka 300 m'chaka choyamba. Ndibwereranso kwa izo.

Ndiye ukaona bwino, mazira 8 kapena 9 a mu July anali ochuluka ndithu pa gulu ngati lanu. Ambiri ankachokera kwa Mikolongwe, yomwe inali itangoyamba kumene kuikira ndi mphamvu zake zonse, ndipo zachikuda zinkangowonjezerapo awiri kapena atatu.

Tsopano ku khola. Nkhuku ikamayenda pabwalo timangoti ikudya zinyalala, koma taimani tsiku lina muiyang'anitsitse. Imapalasa pansi pa masamba ouma n'kutola chiswe, nyerere, ziwala, mphutsi za m'ndowe ndi nyongolotsi. Imabudula nsonga za udzu wanthete, bonongwe ndi chisoso. Imatola timiyala, tizidutswa ta zigoba za nkhono ndi timafupa ta kudzala. Zonsezi ndi zimene zinkapanga mazira anu. Gaga ankangodzaza mimba ndi kupereka mphamvu. Tsiku limene munatseka chitseko cha khola, zonsezo zinatha nthawi imodzi, n'kutsala gaga ndi mkute basi. Sindikukudzudzulani, kusunga ubale ndi anzanu a padimba n'kofunika, ndipo mvula ikagwa aliyense atsekera nkhuku zake kuti zisafukule mbewu. Kungoti amene watsekera nkhuku watenga udindo wobweretsa m'khola zonse zomwe inkadzipezera yokha.

Nkhuku yoikira imafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni 16 mpaka 18 pa 100 paliponse. Gaga ali ndi pafupifupi 10, nsima ndiye ochepera apo. Dzira lenilenilo ndi madzi, mapuloteni ndi mafuta, choncho nkhuku ikasowa mapuloteni imayamba yaikira timazira tating'ono, kenako imadumphitsa masiku, pomaliza imasiya kuti ipulumutse thupi lake. Mukaigwira pachifuwa mupeza fupa lija lapakati lili lakuthwa, mnofu wa m'mbali mwake watha. Yesani usiku uno pa Mikolongwe ziwiri kapena zitatu.

Njira yachidule ndi kugula layers mash, chakudya chosakaniza kale cha nkhuku zoikira. Nkhuku imodzi imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndiye kuti nkhuku zanu 14 zimafuna pafupifupi makilogalamu 1.7 patsiku, ndipo thumba la makilogalamu 50 likukwanirani mwezi umodzi. Ngati thumba lakukulirani mtengo, sakanizani nokha. Pa makilogalamu 10 aliwonse ikani 4 a chimanga chogaya mwa mgaiwa, 2 a gaga, 2 ndi theka a soya wokazinga ndi kugaya, theka la kilogalamu la nsomba zouma zosinja monga bonya kapena zinyenyeswa za usipa, kilogalamu imodzi ya laimu wa ziweto, ndi mchere wokwana masipuni awiri aakulu. Mukapeza premix (ufa wa mavitamini ndi michere) ya nkhuku zoikira m'sitolo ya mankhwala a ziweto, thirani monga alembera papaketi.

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala pa chisakanizo chimenechi. Soya asakhale wamuwisi. Soya wosakazinga ali ndi zinthu zolepheretsa nkhuku kugaya mapuloteni, ndipo mungawononge ndalama zanu nkhuku n'kumatsekula m'mimba. Kazingani mpaka asinthe mtundu pang'ono ndi kununkhira, koma asapserere. Nsomba musapyole muyeso, chifukwa zikachuluka mazira amamveka fungo la nsomba, ndipo ngati ndi zamchere chotsani mchere wina uja. Chachitatu ndi chuku. Chimanga chowola ndi mtedza wa nkhungu, zimene ambiri amati "tipatse nkhuku", zili ndi poizoni amene amawononga chiwindi, kuchepetsa mazira ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi. Gaga wonyowetsa amene watsala m'chodyera mpaka madzulo m'nyengo yotentha ino amasasa n'kuchita nkhungu. Ngati mukunyowetsa, nyowetsani wongokwanira kudya nthawi yomweyo.

Chiswe musachinyoze. Ikani ndowe youma ya ng'ombe, zitsononkho ndi mapesi mumphika wakale, muwaze madzi, muuvundikire pafupi ndi chulu madzulo. M'mawa mwake kapena mkuja mupeza chiswe chadzaza, kakhutulireni m'khola. Sichingalowe m'malo mwa soya pa nkhuku 14, koma chimathandiza, ndipo nkhuku zikamatanganidwa ndi kutola zimasiya kujomphana.

Za zigoba zofewa, nkhani yake ndi kashiamu, mchere umene umamanga mafupa ndi zigoba. Dzira limodzi limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike m'thupi la nkhuku, ndipo pafupifupi maola 20 mwa amenewo ndi omanga chigoba, makamaka usiku nkhuku ili mtulo. Chigoba chimodzi chili ndi magalamu awiri a kashiamu, ndipo kuti nkhuku ipeze awiriwo imayenera kudya pafupifupi magalamu anayi patsiku. Mu gaga mulibe ndi pang'ono pomwe poti n'kuwerengera. Chakudya chikasowa kashiamu, nkhuku imamutenga m'mafupa ake. Imatero kwa masabata angapo, n'chifukwa chake vutoli silinaoneke mu September pomwe munangozitsekera. Nkhokwe ya m'mafupa ikatha, zigoba zimapyapyala, kenako mazira amatuluka ndi kachikopa kokha. Zikapitirira, mumapeza nkhuku yangokhala pansi, miyendo yalobodoka, ikulephera kuima.

Kuwonjezera pa laimu wa m'chakudya, ikani kambale kapadera ka zigoba zosinja kuti iliyonse izitola mmene ikufunira. Zigoba za nkhono, zigoba za mazira omwe mwadya, ngakhale mafupa ootcha n'kusinja, zonse zimagwira ntchito. Zigoba za mazira muziyamba mwaziwotcha pamoto pang'ono kapena kuziwiritsa, n'kuziphwanya kuti zisaonekenso ngati dzira. Musasinje mpaka kukhala ufa. Tizidutswa tokula ngati njere za mapira timakhalitsa m'nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono usiku, nthawi yomwe chigoba chikumangidwa. N'chifukwa chake ndi bwino kuwonjezera zigobazi chakumadzulo. Laimu ndikunena pano ndi wa ziweto. Laimu wopakira nyumba amawotcha kukamwa ndi m'mimba, ndipo laimu wina wa m'munda ali ndi mchere wa magnesium wochuluka umene umawononganso zigoba. Funsani bwino pogula. Komanso nkhuku ziziwothako dzuwa la m'mawa, chifukwa popanda vitamini D thupi silingagwiritse ntchito kashiamu ngakhale atachuluka chotani m'chakudya.

Kudya mazira kwayamba chifukwa cha zomwezi. Dzira lofewa limasweka m'chisa, nkhuku yanjala ya mapuloteni n'kulawa, zinzake n'kuonera. Likasanduka khalidwe limavuta kuthetsa, choncho fulumirani. Tolani mazira katatu patsiku, makamaka m'mawa mpaka cha m'ma 11 koloko pamene zambiri zimaikira. Zisa zikhale pamalo amdima pang'ono, zoyalidwa udzu wouma wokwanira, chisa chimodzi pa nkhuku zinayi kapena zisanu. Ikapezeka imodzi yomwe ikuswa dala mazira olimba, mudzaizindikira ndi chikasu chouma pamlomo. Imeneyo ndiye ya ndiwo.

Ndiye pali kutentha. October ndi November ndi miyezi yovuta kwa nkhuku zoikira m'dziko muno, ngakhale zodya bwino. Nkhuku ilibe thukuta. Kutentha kukapyola madigiri 30 imatambasula mapiko n'kumapuma mwawefuwefu, kukamwa kuli yasaa. Kupuma kotereku kumatulutsa mpweya wambiri umene thupi limagwiritsa ntchito pomanga chigoba, kotero zigoba zimapyapyala ngakhale kashiamu alipo. Imadyanso pang'ono. Alimi a ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja amalidziwa bwino vutoli, koma khola la malata lopanda mazenera ku Namitete masana limatentha ngati kuchigwa komweko. Ndipo Mikolongwe ndi yakuda bii, ya nthenga zambiri, thupi lolemera. Imavutika kuposa zachikuda. Yalani udzu kapena mapesi pamwamba pa malata, boolani mipata m'zipupa n'kutchinga ndi waya kuti mphepo izidutsa, ndipo chakudya chambiri muziperekera m'mamawa ndi chakumadzulo kukazizira. Ngati mungathe kumanga kampanda ka bango kapena nsungwi pansi pa mtengo wa mango kuti masana zizituluka osafika kudimba, mwathetsa mavuto angapo nthawi imodzi. Khola lenilenilo lisapanikize: nkhuku zitatu kapena zinayi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi.

Mwalemba kuti madzi mumaika m'mawa. Chonde pitani mukaone chomweracho 2 koloko masana. Kawirikawiri ndikafika pakhomo pa mlimi amene akudandaula za mazira, ndimapeza beseni lili gwa, kapena muli timadzi totentha todzaza zitosi ndi gaga. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a zamkati mwa dzira ndi madzi. Nkhuku imodzi imamwa kotala la lita patsiku nyengo yabwino, ndipo kukatentha imatha kufika theka la lita. Zanuzo zimafuna malita 6 kapena 7 patsiku mwezi uno. Nkhuku ikakhala maola angapo opanda madzi masana otentha, mazira amatsika kwa masiku angapo otsatira. Ikani zomwera ziwiri pamthunzi, muzisintha madzi masana, ndipo madzi a mumtsuko wadothi ndi abwino chifukwa amakhala ozizira.

Chikasu chotuwa chisakudetseni nkhawa kwambiri. Mtundu wa chikasu umachokera ku chakudya, osati ku mtundu wa nkhuku. Chimanga chathu choyera chilibe zopatsa mtundu, ndiye nkhuku yongodya gaga imaikira dzira la chikasu chotuwa, kaya ndi yachikuda kaya ya haibulidi. Anthu amati mazira achikuda ndi ofiira mkati chifukwa nkhuku zachikuda zimadya msipu. Mangani mtolo wa bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa kapena masamba a chammwamba, muupachike m'khola pamsinkhu woti zizidumphira pang'ono. Chimanga chachikasu kapena cha olenji chija chimathandizanso. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri makasitomala anu aona kusintha. Mtundu wa chigoba, woyera kapena wofiirira, ndiwo umachokera ku mtundu wa nkhuku, ndipo sukhudzana ndi ubwino wa zamkati. Kadontho ka magazi mkati mwa dzira nakonso si matenda, ndi kamtsempha kamene kanaphulika pamene chikasu chimachoka pamalo pomwe chimapangidwira; dziralo ndi lodyedwa.

Za nkhuku zanu zachikuda ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaziweruza molakwa. Nkhuku yachikuda imaikira pang'ono makamaka chifukwa nthawi yake yambiri imathera pa umayi. Werengani nokha: masabata awiri kapena atatu kuikira, masiku 21 kukhalira, kenako miyezi iwiri kapena kuposerapo kuyenda ndi anapiye. Pa miyezi itatu ndi theka, yaikira masiku osakwana 20. Mukafuna mazira ambiri kwa iyo, muyenera kudula nthawi ya umayiyo. Tolani mazira tsiku lililonse n'kusiya limodzi lokha loikidwa chizindikiro ndi khala, kuti isasamuke chisa. Ikayamba kukakamira m'chisa, kufufuma nthenga ndi kukujomphani mukaiyandikira, ichotseni muiike m'kakhola kowala, kopita mphepo pansi, kopanda udzu, koma kokhala ndi madzi ndi chakudya. Pakatha masiku atatu kapena anayi mtima wokhalira umatha, ndipo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri imayambiranso kutetera. Kuiviika m'madzi kapena kuimana chakudya monga amachitira ena n'kuizunza chabe, ndipo kumachedwetsa kuikira. Yomwe mwailola kuswa, ilandeni anapiye akakwana masabata anayi, muwalere padera, ibwerera msanga kuchisa.

Koma musathetse khalidwe lokhalirali pa zonse. Mikolongwe siidalirika pa kukhalira mazira, ndipo za haibulidi sizikhalira kawirikawiri. Nkhuku zachikuda ziwiri kapena zitatu zodziwa kulera ndi chuma pakhomo: mumaziikira mazira a Mikolongwe 10 kapena 12, n'kukuswerani misoti ya chaka chamawa popanda makina kapena magetsi. Mazira oti akhaliridwe asapitirire sabata imodzi kapena masiku 10 chiikiridwireni. Tambala mmodzi amakwanira zathadzi 10. Pa 14 ena mwa mazira adzakhala osagwira. Ngati mukungofuna mazira odya ndi ogulitsa, tambala safunika n'komwe, nkhuku imaikira popanda iye. Tambalayo muzimusintha chaka ndi chaka posinthana ndi anthu a mudzi wina, kuti asamakwere ana ake omwe.

Mwa zachikuda 6 zija, mwina zina zakalamba. Nkhuku iliyonse imaikira kwambiri chaka choyamba, n'kumatsika chaka chilichonse, ndipo ikapyola zaka zitatu imaikira mazira ochepa kwambiri. Kuti mudziwe yomwe ikuikira, igwireni usiku. Kumbuyo, m'mbali mwa kotulukira dzira, kuli timafupa tiwiri tosongoka. Ngati pakati pake pakulowa zala ziwiri kapena zitatu, kotulukirako kuli konyowa ndi kotakasuka, lipombo la pamutu lili lofiira ndi lofewa, imeneyo ikuikira. Ngati pakulowa chala chimodzi, kotulukira kuli kouma ndi kofwaphira, lipombo lafota, siyikuikira. Koma musaweruze lero, poti njala yasiyitsa ngakhale zabwino. Dyetsani bwino kwa mwezi wathunthu, kenako yesani, ndipo zomwe zidakali zouma mugulitse nyengo ya Khirisimasi mitengo ikakwera.

Kuwala ndi kuthothoka nthenga ndingozitchula mwachidule. Nkhuku imaikira bwino ikamaona kuwala maola 14 mpaka 16. Kuno kwathu usana umatalika pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse, choncho kusiyana kwake si kwakukulu, koma khola lamdima limachepetsa mazira. Kababu ka sola koyatsa maola awiri madzulo kamathandiza pa Mikolongwe. Nkhuku imathothokanso nthenga kamodzi pachaka n'kupumira kuikira kwa mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo njala kapena ludzu zimatha kuyambitsa zimenezi nthawi isanakwane. Mukaona nthenga zambiri pansi m'khola, dziwani kuti kuchira kutenga nthawi yotalikirapo.

Lowani m'khola usiku ndi tochi. Yang'anani m'ming'alu ya mitengo yogonapo, pansi pa mapiko ndi kuzungulira maso. Utitiri umamatirira pa lipombo ndi m'zikope ngati timadontho takuda, ndipo pali tina tofiira tomwe timabisala masana n'kumayamwa magazi usiku. Nkhuku zikatsekeredwa, tizilomboti timaswana msanga, ndipo nkhuku yoyamwidwa magazi siingaikire. Sesani khola, tenthani udzu wakale wa m'zisa, wazani phulusa, ndipo ikani beseni la phulusa losakaniza ndi mchenga kuti zizisamba. Pa utitiri wa kumaso pakani mafuta a Vaseline. Mankhwala ophera tizilombo ta m'munda kapena a m'nkhokwe musawathire pa nkhuku. Njoka za m'mimba nazo zimachuluka m'khola la dothi. Mankhwala ake alipo, koma funsani alangizi kuti akuuzeni oyenera nkhuku zoikira ndi masiku oti musadye kapena kugulitsa mazira mukamwetsa. Chimodzimodzi makapisozi a anthu amene ena amasungunulira nkhuku m'madzi: sachulukitsa mazira, ndipo mankhwalawo amatsalira m'dzira lomwe mwana wanu adye.

M'kalata yanu simunatchule nkhuku yodwala kapena kufa, n'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti vuto ndi chakudya, madzi ndi kutentha. Komabe ino ndi nyengo ya chitopa, ndipo nthawi zina chizindikiro chake choyamba pa nkhuku zoikira ndi kutsika kwadzidzidzi kwa mazira ndi zigoba zofewa. Kusiyana kwake n'kwakuti njala imatsitsa mazira pang'onopang'ono kwa masabata, pomwe matenda amawagwetsa m'masiku awiri kapena atatu. Mukaona zitosi zobiriwira, nkhuku zogwetsa mapiko ngati zavala jekete, kupuma mokoka, khosi lopindika, kutupa nkhope, kapena zingapo kufa motsatizana, pitani tsiku lomwelo kwa mlangizi wa ziweto ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA). Musagulitse kapena kupatsa abale nkhuku za m'khola lodwala, ndipo zakufa muzikwirira mozama kapena kutentha. Pitaninso kwa alangizi ngati mazira akutuluka okwinyika, opindika, zoyera zake zili ngati madzi, chifukwa pali matenda a m'chifuwa omwe amawononga njira ya dzira. Kapena ngati nkhuku yatuluka nyama yofiira kumbuyo ikaikira. Imeneyo ipatuleni msanga zinzake zisanaijomphe.

Ngati simunatemere chitopa m'miyezi inayi yapitayi, temerani tsopano nkhuku zikadali zamoyo bwino. Katemera wa I-2 amapangidwa konkuno ku Lilongwe, ndi wodonthezera dontho limodzi m'diso, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, komabe botolo lisakhale padzuwa. Likulungeni m'kansalu konyowa poyenda nalo. Katemera sachiza nkhuku yomwe yadwala kale.

Tibwerere kwa alamu anu. Akunena zoona kuti haibulidi imaikira kwambiri: imayamba pa masabata 18 mpaka 20, ndipo pa nkhuku 10 mumatola mazira 8 kapena 9 tsiku lililonse kwa miyezi yambiri. Koma imatero pokhapokha ikudya layers mash wokwanira tsiku lililonse osadumphitsa, italandira akatemera onse kuyambira ili mwanapiye, kuphatikizapo wa matenda a gumboro. Kuigula n'kumaipatsa gaga kuli ngati kubzala chimanga cha haibulidi m'munda woguga osathira feteleza. Mukagula anapiye lero, mudzawadyetsa miyezi inayi ndi theka musanaone dzira ngakhale limodzi, ndipo ikatha chaka ndi theka muyenera kugulitsa n'kugulanso ena, popeza ana ake satengera kaikiridwe ka make. Kwa munthu amene ali ndi msika wodalirika, mpamba wa chakudya cha miyezi isanu ndi khola labwino, ndi bizinesi yabwino. Kwa inu lero, ndingakonde muyambe mwaona chimene Mikolongwe yanu ingachite ikadya mokwanira. Tengani mtengo wa thumba la chakudya, muugawe ndi mtengo wa dzira limodzi kwanuko. Mupeza chiwerengero cha mazira oyenera kutola pamwezi kuti chakudya chidzilipire. Kawerengedwe komweko mudzakagwiritse ntchito mukadzaganiza za haibulidi.

Pa kasungidwe, mazira musawatsuke, chifukwa madzi amachotsa kachiphimbo kotchinga timabowo ta chigoba n'kulowetsa tizilombo. Lodetsedwa lipukuteni ndi kansalu kouma n'kulidya msanga pakhomo. Aikeni pathireyi mbali yosongoka ili pansi, pamalo ozizira, kutali ndi parafini, sopo ndi nsomba poti dzira limakoka fungo. Nyengo yotentha ino yesetsani kugulitsa asanathe sabata, makamaka popeza muli ndi tambala. Lomwe mukulikayikira liikeni m'kapu ya madzi: latsopano limagona pansi, lokhalitsa limaima, lowonongeka limayandama.

Mawa lomwe yambani ndi madzi, mthunzi ndi kambale ka zigoba, poti izi sizifuna ndalama. Chakudya chatsopano muchilowetse pang'onopang'ono, kusakaniza ndi gaga kwa masiku anayi kapena asanu. Zigoba zimayamba kulimba sabata yoyamba isanathe, koma chiwerengero cha mazira chimatenga masabata awiri mpaka anayi, chifukwa nkhuku imayamba yabweza thupi lake. Lembani m'kope mazira a tsiku lililonse, a Mikolongwe padera ndi achikuda padera; mudzawasiyanitsa ndi kukula kwake. Mikolongwe 8 yodya bwino iyenera kukupatsani mazira 4 mpaka 6 patsiku. Pakatha mwezi zisanafike pamenepo, itanani alangizi a ziweto adzaone khola ndi nkhukuzo ndi maso, ndipo muwaonetse kopelo.